Kalulu wa mwana ndi Kalulu wa agogo: kapeputsidwe ka khalidwe la ampangankhani

Mu nthano ya chitsime, kwagwa chilala ndipo nyama zonse zikukumba, koma Kalulu wakana kugwira nawo khasu. Madzi atatuluka, iye akubwera usiku ndi chipanda cha uchi, n'kumuuza mlonda kuti uchi umenewu amadya ndi omangidwa okha. Mlonda alola kumangidwa, Kalulu atunga madzi, asamba m'chitsime momwemo, ulendo. Apusitsa alonda amphamvu mmodzimmodzi mpaka kugwidwa ndi Kamba, amene aliyense ankamuderera. Mukamufunsa mwana wa zaka 5 kuti Kalulu ndi wotani, sachedwa kuyankha: ndi wochenjera. Agogo amene akhala pambali akuvomera nawo kuti "tili tonse" akumva zinanso. Akumva ulesi, dyera, munthu wodya thukuta la anzake, ndiponso akudzifunsa chifukwa chimene bwalo lonse likumusekerera wakubayu. Mawu a nthano ndi omwewo, Kalulu ndi yemweyo, koma aliyense watunga monga mwa kukula kwa chikho chake.

Wolemba aliyense amene akufuna kupeputsa mpangankhani, kutanthauza munthu kapena nyama ya m'nkhani, ayenera kuyambira pamenepa. Chimene timachepetsa ndi katundu amene wowerenga ayenera kusenza m'mutu pa nthawi imodzi. Munthu wa m'nkhaniyo atsale wamoyo, wokhala ndi chimene akufuna ndiponso pamene amapunthwa. Alembi ambiri amachita zosiyana: amamuchotsa mpangankhani mtima n'kumusiyira chikwangwani cholembedwa "wabwino" kapena "woipa", kenako n'kumadabwa kuti ana akuyasamula.

Kuti tidziwe kulemera kwa katundu amene mwana angasenze, pali kafukufuku wothandiza. Mu 1983 akatswiri awiri, Heinz Wimmer ndi Josef Perner, anaonetsa ana kasewero ka zidole. Mnyamata wina dzina lake Maxi akuika chokoleti m'kabati n'kutuluka. Iye kulibe, amayi ake akuchisamutsira m'kabati ina. Funso kwa ana linali lakuti Maxi akabwera akachifuna kuti. Ana ambiri a zaka 3 amaloza pamene chokoleticho chili tsopano, poti iwo akudziwa ndiye amayesa kuti Maxi nayenso akudziwa. Kuyambira pa zaka 4 mpaka 5 ana ambiri amayamba kuloza pamene Maxi anachisiya. Kumvetsa kwa mtundu wovutirapo, koti Fisi akuganiza kuti Kalulu sakudziwa zimene iye Fisi wakonza, kumabwera mochedwerapo, cha m'ma 6 kapena 7. Tanthauzo lake kwa wolemba ndi lachindunji. Nkhani ya chinyengo imatheka kwa ana aang'ono, koma chinyengocho chikhale cha msinkhu umodzi ndipo mwana achione chikukonzedwa ndi maso ake. Kalulu anene yekha, kapena aimbe, zimene akufuna kuchita asanafike kwa mlonda. Mukabisa cholinga chake kuti mudzadzidzimutse owerenga kumapeto, mwana wa zaka 4 amangoona nyama ikumangidwa popanda chifukwa.

Katswiri wa kaganizidwe ka ana, Jean Piaget, mu 1932, anasimbira ana nkhani ziwiri. Mwana wina waitanidwa ku chakudya, watsegula chitseko osadziwa kuti kuseri kuli makapu, ndipo aphwanyika 15. Wina wakwera pampando kuti atenge jamu amayi ake kulibe, n'kugwetsa kapu imodzi. Ana aang'ono ambiri ananena kuti wolakwa kwambiri ndi wa makapu 15 uja, poyang'ana kukula kwa chiwonongeko. Okulirapo ndiwo anayang'ana mtima wa wochitayo. Ofufuza ena pambuyo pake anapeza kuti ana aang'ono nawonso amatha kuweruza potsata cholinga ngati cholingacho chaonetsedwa poyera. Choncho ngati mukufuna kuti mwana amukhululukire mpangankhani amene wawononga zinthu mosafuna, musangodalira kuti azindikira yekha. Muonetseni akuyesetsa kuchita bwino, muonetseni akudzidzimuka, ndipo muchite zimenezi chiwonongeko chisanakule.

Sitiyenera kuganiza kuti mpangankhani wosavuta ndi wa ana okha. Mlembi wa ku England, E. M. Forster, mu 1927, anagawa ampangankhani m'magulu awiri: ophwatalala, amene mungathe kuwafotokoza m'chiganizo chimodzi, ndi athunthu, amene angathe kukudabwitsani koma inu n'kuvomereza kuti inde, munthu ameneyu angachitedi zimenezo. Ambiri amene anaphunzira zimenezi m'kalasi amakumbukira kuti wathunthu ndiye wabwino. Forster mwiniwake sananyoze ophwatalala. Anaona kuti wowerenga amawazindikira msanga ndipo sawaiwala, ndiponso kuti anthu ambiri a m'mabuku a Charles Dickens, mlembi wotchuka wa ku England, ndi a mtundu umenewu. Buku la akulu la masamba 200 lingathe kusenza ampangankhani athunthu awiri kapena atatu. Ena onse, kondakitala wa minibasi, mlembi wa mpingo, mayi wogulitsa tomato, ayenera kukhala ndi khalidwe limodzi looneka bwino, apo ayi nkhani imasanduka msika woti aliyense akufuula.

Nthano zathu zinadziwa kale zimenezi. Katswiri wa ku Denmark, Axel Olrik, analemba mu 1909 zizolowezi zimene anazipeza mu nthano zosimbidwa pakamwa, ndipo zitatu mwa izo aliyense amene anakulira pamoto azizindikira: pabwalo pamaoneka awiri pa nthawi imodzi, awiriwo amakhala osiyana kotheratu, ndipo chochitika chimabwerezedwa katatu. Kalulu ndi Fisi, Kamba ndi Njovu, mwana womvera ndi mwana wamwano. Womvetsera alibe tsamba loti abwererepo akaiwala, ndiye wosimba amamupeputsira pomupatsa awiri okha oti awayerekeze. Kuchenjera kwa Kalulu kumaoneka chifukwa pambali pake pali umbombo wopusa wa Fisi.

Tsono ntchito yeniyeni imayamba ndi mafunso atatu, ndipo ndi bwino kulemba mayankho ake papepala musanayambe nkhani. Loyamba: mpangankhaniyu akufuna chiyani? Yankho likhale chinthu chogwirika kwa ana (madzi, mpira, kupita nawo kumsika), ndipo kwa akulu lingathe kukhala chosagwirika monga ulemu kapena chikhululukiro. Lachiwiri: amachita bwanji kuti achipeze? Lachitatu: njira yake yomweyo imamugwetsa pati? Funso lachitatuli ndi limene alembi ambiri amalidumpha, chonsecho ndi limene limapereka moyo. Mphamvu ya mpangankhani ndi chofooka chake zichokere pa muzu umodzi. Kalulu amapulumuka chifukwa amadalira nzeru zake, ndipo amagwidwa chifukwa amazidalira mopyola n'kuderera Kamba. Mukamupatsa munthu makhalidwe asanu osagwirizana, kuti ndi wolimba mtima, woseketsa, wokonda nyimbo, waukhondo ndiponso wansanje, mwamulembera kalata yofunsira ntchito basi. Mukamupatsa khalidwe limodzi lokhala ndi mbali ziwiri, mwana aona mbali imodzi, wamkulu aona zonse.

Yesani chiganizo chimene mwamufotokozera. Ngati chikuti "ndi wadyera", sichinapse. Chikhale ndi mneni: "akaona chakudya amaiwala lonjezo". Chiganizo chokhala ndi mneni chimakuuzani chimene mulembe patsamba lotsatira.

Tiyese ndi chitsanzo chongopeka. Mtsikana timutche Takondwa. Muzu wa khalidwe lake ndi wakuti sangathe kuona munthu atakhumudwa naye. N'chifukwa chake ndi wopatsa, ndipo n'chifukwa chake amanama.

Kwa mwana wa zaka 4 mpaka 6, amayi amutuma kuchigayo ndi chimanga ndi ndalama. Panjira akumana ndi mnzake amene akuti ali ndi njala, Takondwa amugulira chitumbuwa. Akumana ndi wachiwiri, chimodzimodzi. Wachitatu, chimodzimodzi, ndipo mawu a pempho ndi a yankho akhale omwewo katatu konse kuti ana azitha kunena nawo. Kuchigayo ndalama yaperewera. Abwerera ndi chimanga chosagaya n'kuwauza amayi kuti ndalama yagwa. Madzulo mng'ono wake akulira ndi njala, Takondwa aulula. Ampangankhani ofunika ndi awiri, iye ndi amayi, ndipo anzake atatu aja kwenikweni ndi munthu mmodzi wobwerezedwa. Palibe chiganizo chofotokoza maganizo ake. Zonse zili m'manja ndi m'maso: ndalama zikuchepa m'dzanja, mutu wazolika, thumba silinasinthe. Buku la zithunzi nthawi zambiri limakhala ndi masamba 32 chifukwa cha mmene mapepala amapindidwira posindikiza, ndipo mukachotsa masamba a mutu ndi zina, nkhani imatsala ndi masamba 24 mpaka 28. M'malo ochepa chotere khalidwe lioneke pofika tsamba lachitatu la nkhani, ndipo chimene wojambula waonetsa, wolemba asachibwerezenso m'mawu.

Kwa mwana wa zaka 9 mpaka 12, muzu ndi womwewo koma tiwonjezera chokoka chachiwiri. Mnzake wopemphayo sanadye chidyere dzulo, ndipo Takondwa akudziwa. Tsopano chifundo chake n'choona, ndipo kulakwa kwake n'koonanso. Tiwonjezeranso mtengo wa bodza: amayi akuganizira mchimwene wake kuti ndiye anatapa ndalamazo m'mawa, ndipo akumukalipira Takondwa ali pomwepo, chete. Pa msinkhu uwu wowerenga angathe kusunga maganizo awiri otsutsana mwa munthu mmodzi, ndipo amakonda kulowa m'mutu mwake. Mungathe kulemba zimene Takondwa akuganiza ali gone pamphasa. Koma zokokazo zikhale ziwiri, zotchulika. Mukaikamo zinayi, kuopa bambo, nsanje ndi mchimwene, chikondi cha mnzake ndi manyazi a umphawi, nkhani yamasamba 20 siingazimalize.

Kwa akulu, Takondwa ali ndi zaka 40 ndipo ndi msungichuma wa banki m'khonde. Mlamu wake wabwera usiku, mwana ali m'chipatala. Iye watapa m'bokosi la gulu osauza aliyense, poganiza kuti abweza lisanafike tsiku logawana. Tsikulo lafika. Apa wolemba achotse zambiri zimene anamupatsa mwana. Asanene kuti Takondwa amaopa kukhumudwitsa anthu. Angoonetsa mayi amene amadzaza mbale za alendo pamene yake ili pafupifupi mbee, amene amavomera udindo uliwonse kumpingo, ndipo pa tsiku logawana akuwerenga ndalama kachitatu pamene aliyense waona kale kuti zaperewera. Kuulula sikungathetse nkhani ngati mmene kunachitira kwa mwana uja, chifukwa amayi anzake nawo ali ndi ana ofuna fizi. Onani kuti khalidwe silinachuluke. Likadali limodzi. Zimene zakula ndi mtengo wake, chiwerengero cha anthu amene likuwakhudza, ndi mpata umene wolemba wasiya kuti wowerenga adzazemo yekha.

Chichewa chili ndi zida zake zoonetsera khalidwe m'mawu ochepa, ndipo wolemba amene akuganiza m'Chingerezi amazitaya. Choyamba ndi ulemu wa m'mawu. Mwana amene wanena kuti "iwe" kwa agogo ake wadziulula yense m'liwu limodzi, ndipo palibe chifukwa chowonjezera kuti ndi wamwano. Mwamuna amene pagulu amati "amayi a Chisomo, bwerani" koma m'nyumba amati "iwe, tabwera" waonetsa nkhope ziwiri zimene wowerenga wamkulu azigwira nthawi yomweyo. Kulandira chinthu ndi dzanja limodzi, kupereka moni uli chiimire, kulowa m'nyumba osanena odi, zonsezi ndi ziganizo zathunthu za khalidwe. Chachiwiri ndi mawu aja ojambula zochitika. Wina akafunsidwa amangoti duu, wina maso tong'o, wina thupi njenjenje. Mukamupatsa mpangankhani aliyense liwu lake lotere n'kumalibwereza, ana amamuzindikira asanamve dzina. Nyimbo ya m'nthano imagwira ntchito yomweyo: ndi chizindikiro cha mwini wake.

Mayina afunika kusamala. Mayina athu ambiri ali ndi tanthauzo, ndipo chiyeso n'chakuti wovutika timutche Mavuto, wosangalala timutche Chimwemwe. Kwa ana aang'ono zimathandiza kukumbukira, ngakhale kuti m'kalasi momwemo mungakhale Mavuto weniweni amene anzake ayamba kumuseka. Kwa akulu dzina lotere limaulula nkhani isanayambe, pokhapokha ngati mukuliika dala motsutsana ndi moyo wa mwini wake. China chaching'ono koma chofunika: kwa oyamba kuwerenga, mayina a ampangankhani asayambe ndi phatikizo lofanana. Chisomo, Chikondi ndi Chifundo m'nkhani imodzi asokoneza mwana wa Sitandade 2, amene nthawi zambiri amazindikira dzina poyang'ana zilembo zoyamba.

Pali njira ina yopeputsira imene ndi yachidule koma yoopsa, ndipo apa m'pofunika kuimapo. Ndi kuika khalidwe pa thupi kapena pa mtundu wa munthu. Nkhalamba yopanda mano ndiyo mfiti, wolumala ndiye wanjiru, wokongola ndiye wamtima wabwino, mayi womupeza ndiye wankhanza, wa mtundu wakutiwakuti ndiye wakuba kapena wonyada. Wolemba amachita izi chifukwa n'zosavuta: sakufunikanso kuonetsa zochita, wowerenga abweretsa yekha chidani chimene anali nacho kale. Koma m'Malawi muno okalamba amenyedwa ndi kuphedwa powaganizira ufiti, ndipo anthu achialubino asakidwa chifukwa cha zikhulupiriro za matupi awo. Buku limene likuphunzitsa mwana kuti maonekedwe amaulula mtima likuthira nkhuni pamoto umenewo. Ana ambirinso amene akuwerenga akuleredwa ndi amayi owapeza amene amawakonda. Makolo anatichenjeza kale kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Nyama za m'nthano zimathandiza apa, popeza umbombo ukaikidwa pa Fisi palibe mwana amene apite kunyumba akudziona kuti akunenedwa ndi iye. Mukalemba za anthu, woipa adziwike ndi zimene wachita patsamba, ndipo nayenso akhale ndi chimene akufuna. Ngakhale kwa ana a zaka 5, "akufuna mbuzi zonse zikhale zake" ndi bwino kuposa "ndi woipa basi".

Cholakwika china chofala ndi kutembenuka kwadzidzidzi. Mnyamata wakhala akuba masamba 18, patsamba la 19 amalume amulangiza, patsamba la 20 wasanduka mngelo. Zimachitika chifukwa wolemba anayamba ndi phunziro n'kumufuna mpangankhani ngati wonyamula phunzirolo. Ana sakhulupirira, poti amadziwa kuti iwo eni akalangizidwa sasintha tsiku lomwelo. Kusintha kokhulupirika kumafuna zinthu ziwiri. Mbewu yake ibzalidwe koyambirira, mwina mnyamatayo anazengereza pang'ono asanabe koyamba. Ndipo kusinthako kukhale kwakung'ono ndiponso kooneka: wabweza chinthu chimodzi, manja akunjenjemera. Ampangankhani ena asasinthe n'komwe. Kalulu akanalapa pa chitsime paja, bwenzi nthano zake zitathera pomwepo. M'bale wake wa cholakwika chimenechi ndi mwana wangwiro, wodzuka m'mamawa, wosesa, wokhoza mayeso, wosayankha akulu. Wowerenga sangamuope kuti agwa, ndiye palibe chomukokera kutsamba lotsatira.

Gulu lina limene limalakwiridwa kawirikawiri ndi la akulu amene akuphunzira kuwerenga, monga a sukulu za kwacha. Mayi wa zaka 50 amene akuwerenga pang'onopang'ono waona maukwati akutha, waika maliro, waweruza milandu ya pabanja. Chimene chikumuvuta ndi zilembo, anthu amawadziwa kuposa wolembayo. Kwa iye peputsani chiganizo: mawu 6 mpaka 10, mneni mmodzi kapena awiri, mawu odziwika, ampangankhani osapitirira atatu kapena anayi. Koma mpatseni Takondwa wa banki m'khonde uja, ndi vuto lake lonse. Achinyamata a ku sekondale amene amavutika kuwerenga afunanso zomwezo. Mukawapatsa nkhani ya kamwana ndi chitumbuwa, amva kunyozedwa ndipo atseka buku. Mbali ina nayo ilipo: mwana wa zaka 7 wowerenga mothamanga angathe kutchula mawu onse a nkhani ya akulu koma osagwira chifukwa chimene munthu akumwetulira pamene mtima ukumupweteka. Luso lowerenga ndi msinkhu wa maganizo ndi miyeso iwiri, ndipo wolemba ayeze uliwonse pawokha.

Sewero la pawailesi limabwerera ku malamulo a nthano, chifukwa womvera saona nkhope ndipo sangabwerere m'mbuyo. Atengambali olankhula pa chochitika chimodzi asapitirire atatu, mawu awo asiyane msinkhu ndi kalankhulidwe, ndipo dzina la aliyense litchulidwe msanga akangolowa.

Nkhani ikalembedwa, iyesedwe pa anthu a msinkhu umene mwawalembera, asanu kapena asanu ndi mmodzi, osati abale okha amene angakuyamikireni chifukwa cha ulemu. Werengani mokweza n'kuima musanafike pampondachimera, pamene nkhani imafika pachimake. Afunseni kuti mpangankhaniyu achita chiyani tsopano, ndipo chifukwa chiyani. Ana aang'ono ambiri akalosera molondola n'kumasangalala kuti adziwa, khalidwe lamveka. Akangoti zii, kapena aliyense n'kunena zake zosagwirizana, mwina makhalidwe achuluka kapena mwawafotokoza m'mawu osawaonetsa m'zochita, ndiye bwererani ku masamba atatu oyamba. Kwa akulu muyeso ndi wina. Onse akalosera chimodzimodzi mosavuta, mwaulula zambiri, chotsani ziganizo zofotokoza mtima. Chimene mukufuna n'chakuti agawanike, ena ati Takondwa aulula pamaso pa gulu, ena ati akakongola kwina kuti abise, ndipo mbali iliyonse ithe kuloza chochitika cha m'nkhani momwemo chimene chikuikira kumbuyo maganizo ake.